Nkhumba Nambala Seveni

Lolemba lija ndinafika ku labu ndekha, chifukwa amalume anali atachoka ku Berea, dera la ku Joni limene tinkakhala, m'mamawa monga mwa masiku onse. Nditakwera masitepe ndinapeza chipinda cha filiji chili chotsegula. Pakhomo panaima wapolisi wamtali, chipewa atachikwapatira. Mkatimo amalume anga, a Tawakali, wantchito wa mu labumo, anali atakhala pa kampando kopanda chotsamira, manja ali pamaondo ngati akudikira kujambulidwa.

"Uyu ndani?" anafunsa wapolisiyo.

"Saida, mwana wa mlongo wake," anayankha Pulofesa Steenkamp, mwini labuyo. "Amatiwerengera mizere."

Chinali chaka cha 1992. Ndinali nditagwira ntchito pamenepo miyezi isanu ndi iwiri chichokereni ku Mangochi ndi satifiketi yanga ya Folomu 4. A Pulofesa ankafufuza khoma la mtsempha wa magazi. Ankafuna samu imodzi yoti munthu akaiwerengera adziwe kuti mtsempha utupa motani magazi akaukankha, ndiponso kuti uphulika liti. Ankatenga mtsempha waukulu wochokera kumtima, n'kuumangirira pa makina, n'kumaupopera madzi amchere. Cholembera cha makinawo chinkajambula mzere pa mpukutu wa pepala. Ine ndinkayeza malo khumi pa mzere uliwonse ndi rula, n'kulowetsa manambalawo mu kompyuta.

Mitsempha yambiri inali ya nkhumba, yochokera kophera nyama. Ya anthu inkabwera mwa apo ndi apo, ili ndi zikalata zosainidwa ndi abale a malemu. Lachinayi unabwera umodzi wa mkulu wina wa zaka 74 amene anamwalira m'chipatala. A Pulofesa anali ataudikira miyezi inayi. Tsopano botolo lake linali litapezeka lotsukatsuka, pa thandala limene amalume ankayanikapo mabotolo. Mtsempha munalibe.

"Makiyi a filiji ali ndi anthu awiri," anatero wapolisiyo, amene ndinamva akumutchula Sajeni Nkabinde. "Pulofesa anali ku Pitoliya Lachisanu lonse. Watsala iwe, madala. Kiyi unapatsa munthu?"

"Kiyi ndi yanga, bwana. Mlandu wa kiyi ndi wanga."

"Sindinafunse zimenezo."

Amalume anayang'ana simenti.

"Nyama ya munthu iyi, madala, si nkhuku. Ine ndimadziwa kumene imakathera. Pansi pa buriji paja, kwa anthu a muti, ogulitsa zizimba aja." Sajeni anayang'ana wotchi. "Vani ibwera thu koloko. Mwina ku siteshoni pakamwa pakatseguka."

Anawatsitsira kuchipinda cha alonda. Podutsa pafupi nane amalume sanandiyang'ane. Ndinkadziwa njira ya Mmalawi wokwera vani pa mlandu wotero. Iyambira m'nyuzi, ipite kundende, ikathere kumalire a dziko. Ndipo kwathu adzamva kuti a Tawakali, amene anathandiza kufolera mzikiti wa pamudzi, ankagulitsa ziwalo za anthu ku Joni.

*

Desiki yanga inali kuseri kwa kabati yaikulu. Anthu ankaiwala kuti ndili pamenepo, ndipo ine sindinkawakumbutsa. Ndi mmene ndinamvera Sajeni akufunsa a Davide.

A Davide anali a ku Dedza. Ankachita digiri yachiwiri pansi pa a Pulofesa, ndipo nkhumba zonse ankayesa ndi iwo. Pa Idi anadzadya mpunga kwathu, n'kuwonjezera kawiri.

"Lachisanu munali kuti?"

"M'mawa madala ananditsegulira filiji, ndinatenga nkhumba zanga, anakhomanso. Ndinamaliza twelofu, straight ku laibulale mpaka faifi."

"Munatenga nokha? Wantchito alipo chifukwa chiyani?"

A Davide anaseka pang'ono. "Madala ndi Msilamu, Sajeni. Nkhumba sakhudza, ngakhale botolo lake. It's an old arrangement. Iye amasamala za anthu, shelefu ya pamwamba. Ine za nkhumba, shelefu ya pansi."

"Ndiye za anthu amagwira yekha."

"Look, I don't want to say anything. Munthu uja ali ngati bambo anga kuno ku Joni." Anatsitsa mawu. "Koma anthu akwathu a kunyanja aja, mankhwala amawadziwa. Sindikuti ndi iye ayi. Ndikungokuuzani monga munthu wochokera kumeneko."

Ndinamva cholembera cha Sajeni chikuyenda. Ndinaluma chivindikiro cha peni yanga mpaka chinang'aluka.

*

Alonda anandilola kulowa chifukwa ndinanyamula tiyi. Amalume anali atavula nsapato, zili pambali mondondozana.

"Amalume, Lachisanu masana munali kuti?"

"Ukudziwa. Kumzikiti. Ndinachoka hafu pasiti twelofu, ndinabwera thu."

"Kiyi munapita nayo?"

Anauzira tiyi. "Wathira shuga wambiri."

"Amalume."

"Usandifunse zimenezo, mwanangu. Pali anthu amene akangotchulidwa dzina pamaso pa wapolisi, basi zawo zatha." Anaika kapu pansi. "Chimene chikundiwawa si vani. Mkulu uja ndinamulandira ndine Lachinayi. Ndinamutsuka ndi manja angawa, ndinamuika pamwamba. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu sindinatayepo munthu. Lero sindikudziwa kumene wagona."

Amalume sankati mtsempha kapena nambala. Ankati mkulu uja, mayi uja.

Nditabwerera kumwamba ndinaima pakhomo la chipinda cha filiji. Sajeni anali atasiya chitseko cha filijiyo chili chotsegula pang'ono. Ndinasuzumira. Lachinayi lija kukhoma lakumbuyo la filijiyo kunali madzi oundana okhuthala ngati khoma, ndipo pansi panali madontho ofiirira a magazi a nkhumba. Tsopano munali mbee, mukununkha jiki. Amalume sakanapukuta shelefu ya pansi ija ngakhale atawalonjeza ulendo wa ku Maka. A Davide sindinawaonepo atagwira kansalu kopukutira.

Inali leveni koloko.

*

Mayi Felesita, amene ankakolopa mu labu, ndinawapeza m'kachipinda kosungira matsache, akufinya chokolopera chimene chinali chouma kale. Anali a ku Mulanje, ndipo masiku ena onse mawu awo ankamveka kuyambira pa masitepe. Lero anandikokera mkati n'kutseka chitseko.

"Iwe mwana, ukufuna apolisi andikweze sitima yobwezera anthu kwawo? Ine mapepala ndilibe, ukudziwa. Ana atatu ali ku Tembisa."

"Sindinanene kanthu, mayi."

"Maso akowo anena. Umangoti duu ngati mphaka, koma umaona zonse." Anakhala pa ndowa yovundikira. "Ndinawapempha ine ndemwe. Filiji ija inkanunkha, Saida, mpaka mukolido. Ndinati a Tawakali, mukamapita kopemphera ndisiyireni kiyi ndiichape. Anakana kawiri. Kachitatu anandipatsa."

"Mabotolo munawatulutsa?"

"Munali limodzi lokha, pamwamba. Ndinalitsitsa, ndinachapa monse. Pobwezera, iwe ukuona msinkhu wangawu, ndipo kampando anali atatenga a mapaipi. Ndinati ndiliike kaye pansi, ndikadye, ndibwere ndi chokwerapo. Sindinakhome. Mphindi zingati kudya buledi? Pobwera ndinapeza mulibe. Ndinati basi a Tawakali atuma munthu. Ndinakhoma, thu koloko ndinawabwezera kiyi yawo."

"Munadyera kuti?"

"Pa masitepe pompo."

"Munaona munthu akulowa?"

"Khomo lakumbuyo silioneka pamenepo. Koma makina aja ankalira. Tu, tu, tu, kenako phu! Mpaka ndinatayira tiyi pa yunifomu. Wailesi ya alonda inali ikunena nkhani za wani koloko."

Makina ankati phu pokhapokha mtsempha ukaphulika, ndipo mitsempha yoipopa mpaka kuphulika inali ya nkhumba yokha. Ya anthu a Pulofesa ankaipopa pang'onopang'ono, masiku angapo, osaifikitsa pamenepo.

"Mayi, mukawauze a Sajeni zimenezi."

"Ayi." Anandigwira dzanja mwamphamvu. "Ndikhululukire, mwana wanga. Ayi."

*

Mpukutu wa Lachisanu unali m'dirowa yanga kuyambira m'mawa, ndisanauyambe. Ndinautambasula pa desiki. M'mphepete ndinatsindira ndi rula ndi kapu.

Mizere ya nkhumba ndinali nditawerenga yoposa mazana awiri. Ndinkaidziwa ngati njira ya kuchitsime. Mtsempha wa nkhumba ndi wanthete. Madzi akayamba kuukankha umatupa mosavuta, mzere n'kukwera ngati phiri. Kenako ulusi wolimba wa m'khoma mwake umakungika, mzere n'kugona. Pamapeto umagwa mwadzidzidzi pamene waphulikira.

Woyamba unali choncho. Wachiwiri, wachitatu, mpaka wachisanu ndi chimodzi. Pambali pa uliwonse a Davide analemba ndi pensulo: nkhumba 1, nkhumba 2.

Panali wina kumapeto. Anaukhwatcha ndi mizere iwiri n'kulemba kuti, "Nkhumba 7. Pampu inavuta. Usawerenge." Kudula sakanatha, chifukwa mpukutu unali ndi manambala osindikiza m'mphepete, ndipo a Pulofesa ankawaona mwezi ukatha.

Ndinapita pa msomali pamene tinkabayapo timapepala ta kophera nyama. Ka Lachisanu kanati mitsempha isanu ndi umodzi.

Ndinabwerera kukauyang'ana mzere wokhwatchidwawo. Pampu ikavuta cholembera chimadumphadumpha, mzere umakhala ngati mano a sowo. Uwu unali wosalala. Unangokwera pang'ono n'kugona msanga, ngati munthu amene maondo akukana. Ndinayeza malo khumi. Ndinalakwitsa kawiri polowetsa mu kompyuta, ndinayambiranso.

Samu ya a Pulofesa inkatulutsa manambala awiri. Yachiwiri inkanena kuuma kwa khoma. Pa nkhumba zonse zimene ndinawerengapo inkagwa pakati pa 2 ndi 3. Kompyuta inaganiza kanthawi, kenako inalemba 11.

Apa m'pamene ndinakumbukira ndowa. Zotsala za nkhumba a Davide ankaziponya m'ndowa yofiira m'chipinda chozizira, ndipo lole yokazitentha inkabwera Lolemba lililonse masana. Ndinasuzumira pawindo. Pageti panali pataima lole yobiriwira, dalaivala akucheza ndi mlonda.

Inali twente pasiti wani.

*

Miyezi isanu ndi iwiri yonseyo ndinali ndisanayambepo ine kulankhula ndi a Pulofesa. Ndinaima pakhomo la ofesi yawo, mpukutu uli pachifuwa. Mkati munali iwo, Sajeni ndi a Davide. Ndinangolowa n'kutambasula pepalalo pamwamba pa zikalata zawo.

"Saida, not now," anatero a Davide.

"Nkhumba zinabwera sikisi," ndinatero. Mawu anga anamveka aang'ono ngati a mwana wa Sitandade 1. "Mizere ilipo seveni."

A Pulofesa anavala magalasi. Anatsatira mzerewo ndi chala kuyambira poyamba mpaka pamene unagwera. Ndinawapatsa kapepala ka kompyuta. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Davide," anatero motsitsa, "nkhumba yako iyi ili ndi zaka makumi asanu ndi awiri."

"Pampu inavuta, Prof. Ndalemba pamenepo."

"Pampu yovuta sijambula chonchi. Ili ndi khoma la munthu wokalamba. Ndakhala zaka khumi ndi ziwiri ndikufuna kuona mzere uwu."

"Ndi samu chabe," anatero a Davide, akuyang'ana Sajeni. "It's a model. Ikhoza kulakwa. Ndipo mtsikanayu ndi mwana wa mlongo wake wa madala, mukuyembekeza kuti anena chiyani?"

Sajeni anakanda chibwano. "Ine masamu sindimanga nawo munthu, sindimasulanso nawo munthu. Ndinatumidwa nyama. Ili kuti?"

"M'ndowa yofiira," ndinatero. "Lole yafika kale."

Tinatsika masitepe mothamanga, Sajeni patsogolo. Ndowayo tinaipeza pakhomo lakumbuyo, anthu awiri a lole ataigwira uku ndi uku.

"Yima lapho!" anakuwa Sajeni powaimitsa. "Beka phansi."

Anaitsitsa. A Pulofesa anatsegula chivindikiro, tonse tinabwerera m'mbuyo. Munali za sabata yonse, zidutswa makumi atatu kapena kuposa, zong'ambika, zotumbuluka, zikuyandama m'madzi ofiira. Zonse zinkaoneka chimodzimodzi.

"Kuti nditsimikize, ndiyenera kudula chimodzichimodzi n'kuona pa maikulosikopu," anatero a Pulofesa. "Masiku awiri, mwina atatu."

"Masiku atatu akawadikirira ku siteshoni," anatero Sajeni. Pageti vani inali ikulowa.

Alonda anali atawatulutsa kale amalume kuti akakwere. Anaima poteropo, nsapato zosamanga zingwe. Anayang'ana ndowayo, kenako anayang'ana ine.

"Ali mmenemo?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

Amalume anatseka maso kanthawi. Atatsegula anayamba kupinda mkono wa malaya, bwinobwino, mpaka pamwamba pa chigongono.

"Bwana Sajeni, ndiloleni. Ndimudziwa."

"Madala, izi ndi nkhumba," anatero Sajeni. "Andiuza kuti sukhudza."

"Sindikhudza."

Ndinawathamangira ndi magulovesi amene anali m'thumba la a Pulofesa. Anakana. "Ndi zimenezo sindingamve kanthu."

Anagwada. Anapisa dzanja m'madzi aja mpaka m'chigongono. Nkhope yawo sinasinthe, koma ndinaona mtsempha wa pakhosi pawo ukugunda. Ankatenga chidutswa, kuchifinya pakati pa zala, kuchisiya, kutenga china. Dalaivala wa vani analiza hutala kamodzi, Sajeni anamukwezera dzanja kuti adikire. Ndinawerenga mumtima mpaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Kenako dzanja linaima. Amalume anatulutsa chidutswa chachitali ngati chala, chong'ambika mbali imodzi. Anachitembenuza n'kuonetsa mkati mwake. Munali timiyala tachikasu, tosalala. Anagogoda kamodzi ndi chikhadabo, kanalira ngati chikamba cha dzira.

"Ndinatimva Lachinayi pomutsuka," anatero. "Nkhumba imaphedwa isanakalambe. Ilibe izi."

A Pulofesa anawerama, anayang'ana, anavula magalasi. "Ndi womwewo."

"Botolo linali pa shelefu ya pansi!" A Davide anachita kukuwa. "Ndani amaika munthu pansi? Zaka zonsezi za pansi ndi nkhumba, aliyense akudziwa. Ndikanawerenga lebulo chifukwa chiyani? Ndinaiona nditaphulitsa kale!"

Sajeni anatembenuka pang'onopang'ono. "Ndimayesa munali ku laibulale, mfowethu, m'bale wanga. Straight."



"Ndipo botolo linayenda lokha kukagona pa thandala la madala. Ndipo anthu a kunyanja amadziwa mankhwala." Sajeni anatulutsa kabuku kake, anang'amba tsamba limene analembapo mawu a a Davide aja, analipinda n'kuliika m'thumba la malaya a a Davide. "Sungani. Mudzawerenge mukadzakula. Tiyeni kumwamba mukandilembere zoona."

"Koma analitsitsa pansi ndani?" anafunsa a Pulofesa.

"Kiyi ndi yanga, bwana," anatero amalume. "Mlandu wa kiyi ndi wanga."

Pakhomo panali pataima Mayi Felesita, chokolopera atachikumbatira ndi manja awiri. Anali ataponya kale phazi limodzi kutsogolo. Sajeni anawayang'ana, anayang'ana amalume, kenako anavala chipewa chake.

"Ine ndinatumidwa nyama, ndaipeza. Za mashelefu mukambirane nokha." Anauza dalaivala wa vani ndi dzanja kuti azipita.

*

Amalume ananyamula chidutswacho m'manja awiri mpaka kumwamba. Pa sinki yawo anachitsuka katatu ndi madzi amchere. Anatenga nsalu yoyera yatsopano m'kabati, anachikulunga, anachiika m'botolo loyera, n'kulembanso lebulo ndi dzanja lawo lamanzere, chifukwa lamanja anali atalitalikitsa ndi thupi. A Pulofesa anawatsegulira filiji okha. Botolo linabwerera pa shelefu ya pamwamba.

A Davide anatuluka mu ofesi maso ali ofiira. Anaima kumbuyo kwa amalume.

"Madala, pepani. Ndinaopa. Akanandichotsa sukulu."

Amalume sanacheuke. Analoza filiji ndi chibwano.

"Pepesa kwa mkulu uyo. Wagona masiku atatu ndi nkhumba."

A Davide anaima pamenepo kanthawi, kenako ndinamva mapazi awo akutsika masitepe.

Amalume anatsegula mpopi. Munthu wokhudza nkhumba amasamba kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi, ndipo mu labu monse munali simenti ndi magalasi okhaokha.

"Saida," anatero, "kanditapire dothi panja."

Ndinatsika. Pafupi ndi geti panali kabedi ka maluwa, ndipo mlonda anandiyang'ana modabwa ndikukumba ndi zala. Ndinadzaza manja onse awiri. Pokwera masitepe ndinkayenda pang'onopang'ono kuti lisatayike.